Woseketsa Woyenda M'khamu Naye Ndi Wantchito

Mafumu athu, akuluakulu a kukhonsolo, aphunzitsi, eni malo ogona alendo, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata a magulu a zisudzo amene mwadzaza mabenchi a kumbuyoko, monire mose.

Chitumbuka changa chathera pa moni pomwepo, ndiye mundilole ndipitirize m'Chichewa. Ndikudziwa kuti kuno nkhani ya chiyankhulo si yoseweretsa, ndipo ndiifikanso kutsogoloku chifukwa ikukhudza mutu wathu.

Adandipempha kuti ndidzakambe za zosangalatsa alendo m'boma lino la Rumphi. Mutuwo ndi waukulu, choncho ndadulapo kachigawo kamodzi. Ndikamba za munthu woseketsa amene alibe nsanja, alibe katani, alibe chipinda chobisalamo, koma amangoyenda pakati pa khamu n'kumapanga sewero ndi aliyense amene wakumana naye. Kumaiko kumene kuli mapaki akuluakulu a zisangalalo, munthu ameneyu ndi wantchito. Amasaina kontirakiti, ali ndi maola ake, ali ndi nthawi yopuma, ndipo malipiro ake amadziwika asanavale zovala za sewero. Kwathu kuno timati mutu wake sukoka, ndipo tsiku limene tamukomera mtima timamugulira Fanta.

Paki ya zisangalalo yonga ya kunjako muno mu Rumphi mulibe, ndipo sindidabwere kudzakuuzani kuti timange. Koma tiidziwe kaye. Ndi malo otchingidwa ndi mpanda, olowa cholipira. M'kati mwake muli tisitima tothamanga pa njanji zam'mwamba, makatungwe oyendera magetsi, nyumba zomangidwa motengera nthano ndi mafilimu, ndi malo odyera paliponse. Yotchuka kwambiri, Disneyland, idatsegulidwa pa 17 Julayi 1955 ku Anaheim, m'chigawo cha California ku America. Inzake ya ku Florida, Magic Kingdom, idatsegulidwa mu 1971, ndipo m'chaka cha 2023 chokha idalandira anthu oposa 17 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 Amalawi tonse tidalipo 17.5 miliyoni, ndipo a m'boma lino adalipo pafupifupi 229,000. Ndiye za kupikisana nawo tiiwale.

Eni mapakiwa adazindikira msanga vuto limodzi. Kukwera kasitima kumatha mphindi ziwiri kapena zitatu, koma kuti ufike pokwerera umaima pamzere mwina ola lathunthu. Tsiku limene mlendo walilipira ndalama zambiri limathera kuyenda ndi kudikira, dzuwa likuswa mtengo, ana akulira. Munthu wotopa sagula kanthu, ndipo chaka chamawa sabweranso. Kumanga kasitima kena kumadya mamiliyoni a madola. Kulemba ntchito anthu asanu odziwa kuseketsa n'kotsika mtengo kutalitali, komanso anthuwo amasuntha. Pamene khamu lathinana amalikokera kwina, pamene pazizira amakatenthetsapo.

Mu 1989 kampani ya Disney idatsegula ku Florida paki ina yotengera za mafilimu, yomwe lero imatchedwa Disney's Hollywood Studios. Msewu wake waukulu adaumanga kuti uzioneka ngati Hollywood ya m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, ndipo mumsewumo adaikamo gulu la azisudzo lomwe lidadziwika kuti Citizens of Hollywood. Mudali wapolisi wabodza, wotsogolera filimu wabodza ndi chimkuzamawu chake, mayi wodziona ngati katswiri wa pakanema chikhalirecho palibe akumudziwa, ndi amisiri a maovolosi amene chilichonse akati akonze ankachiononga. Holo adalibe. Ankangotulukira pakona, n'kuyamba.

Tiyeni tiione pafupi ntchito yotereyi, chifukwa ena mwa achinyamata inu mukuganiza kuti n'kungobwebweta. Wa pansanja amapeza anthu atakhala kale, atalipira, akumudikira. Wa mumsewu amapeza anthu akupita kwina, ndipo ntchito yake yoyamba ndi kuimitsa miyendo. Amayamba ndi kanthu kakang'ono, mwina kukangana ndi mnzake za makwerero amene awagwira chozondoka, mawu atakwezedwa pang'ono. Aima anthu atatu. Atatuwo ndiwo amaitana ena, pakuti munthu akaona anzake ataima amafuna kudziwa chimene chawaimitsa. Bwalo likapangika, woseketsa amayamba kuwerenga nkhope. Ayenera kusankha mmodzi woti alowe naye m'sewero, ndipo luso lonse lagona apa. Mayi amene wakumbatira chikwama n'kubwerera m'mbuyo amamusiya. Mnyamata amene ali ndi bwenzi lake, nkhope ili gwa, amamusiyanso, chifukwa akasekedwa pamaso pa mtsikanayo pabuka ndewu. Amatenga bambo amene wanyamula mwana paphewa, yemwe wayamba kale kumwetulira, ana ake enawo akumukankhira kutsogolo. Amamuveka chipewa n'kulengeza kuti wapeza katswiri wa filimu yake yatsopano. Bamboyo akalakwitsa mawu, wotsogolera filimu uja amakalipira mnzake wogwira kamera, bamboyo osamukhudza. Chipongwe chonse chimagwera oseketsa eni ake. Mlendo amatuluka m'bwalomo akuomberedwa m'manja, ana ake akumunyadira, ndipo chithunzi chimenecho ndicho banjalo limakasunga kunyumba. Pakatha mphindi 15 kapena 20 sewero latha, anthu akadafunabe, bwalo n'kumwazika. Kusiya anthu akadafunabe kumeneku ndiko kumatikanika ambiri a ife, kuyambira azisudzo mpaka alaliki.

Si Disney idayambitsa zimenezi. Ku Denmark, kumpoto kwa Copenhagen, kuli paki yotchedwa Bakken yomwe mbiri yake imayambira mu 1583. Woseketsa wake wa nkhope yoyera, Pjerrot, wakhala akusangalatsa ana kumeneko kwa zaka zoposa 200. Wovala chovalacho akapuma, wina amalowa m'malo, ngati udindo wina uliwonse.

Koma musaganize kuti kunjako oseketsa amadya bwino masiku onse. Mliri wa Covid-19 utagwa mu 2020 mapaki adatsekedwa. Atatsegulidwanso tisitima tidayamba kuyenda, koma Citizens of Hollywood sadabwerere mumsewu muja. Mu Seputembala chaka chomwecho Disney idalengeza kuti ichotsa antchito 28,000, ndipo mwezi wotsatira bungwe la azisudzo la Actors' Equity lidati mamembala ake oposa 700 a ku Walt Disney World ntchito yawathera. Mu Meyi 2024 ovala zidole ndi ovina pa maparedi a ku Disneyland, anthu pafupifupi 1,700, adavomereza kudzera m'voti kulowa m'bungwe lomweli kuti za malipiro azikambirana ali pamodzi. Kulikonse ndalama zikachepa, woyamba kufufutidwa pa bajeti ndi woseketsa. Kusiyana kwake ndi kwathu kuno n'kwakuti iye adafufutidwa chifukwa adalembedwapo.

Paki imene ambiri a ife tingaifike pa basi ili ku Johannesburg, dzina lake Gold Reef City. Adaimanga pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, pozungulira shafuti nambala 14. Alendo amaonetsedwa moyo wa mumgodi, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuonerera gule wa jombo za mphira amene ankavina anthu a m'migodi. Nkhani imeneyi ndi yathunso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka pamene ndege idagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi 74, Kamuzu n'kuimitsa ulendowo. Muholo muno muli adzukulu a anthu amene adapita ku Joni. Gule wa anthu otopa ndi ntchito ya pansi pa nthaka lero amagulidwa ndi tikiti. Sindikuti n'kulakwa. Koma chinthu chikalowa mumpanda wa paki chimasintha, ndipo tiyenera kufunsa kuti adasankha ndani choti chionetsedwe, nanga ndalama ya pakhomo ikulowa m'thumba la yani.

Tsono tibwere kwathu. Boma lino lili ndi zimene maboma ena amazisirira. Nyika, yomwe idakhazikitsidwa mu 1965, ndi paki ya nyama yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi, malo oposa masikweya kilomita 3,000. Kumadzulo kuli Vwaza ndi njovu ndi mvuu za pa nyanja ya Kazuni. Ku Khondowe kuli Livingstonia, kumene Dr Robert Laws adasamutsira mishoni mu 1894, kuli Stone House, kuli mathithi a Manchewe, ndipo mukatsika msewu wa Gorodi mwafika pa mchenga wa Chitimba. Mu 2023 boma lidasainirana ndi Peace Parks Foundation mgwirizano wa zaka 20 wosamalira limodzi Nyika ndi Vwaza. Zonsezi n'zabwino. Koma taonani momwe mlendo amayendera. Amafika pa Boma, n'kuthira mafuta, n'kugula madzi ndi buledi, basi walunjika ku geti la Thazima lolowera ku Nyika. Paja mlendo ndi mame. Akaona mbidzi ndi chilembwe, madzulo amakhala pamoto ndi foni yake, m'mawa n'kutsika. Munthu wa ku Rumphi amene wayankhula naye ndi wothira mafuta ndi mlonda wa pageti.

Komabe ndisakunamizeni kuti chuma cha oseketsa chidzachokera kwa azungu. Ndi ochepa, ndipo msewu wa Rumphi-Nyika-Chitipa nonse mukudziwa kuti takhala tikuulonjezedwa kwa zaka zingati. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Khamu lalikulu m'boma lino ndife tomwe: pa mwambo wa Gonapamuhanya kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe ku Bolero, pa masiku a msika, pa mpira wa bonanza, pa maukwati, pa zionetsero za zaulimi, pa tsiku lotsekera sukulu, makamaka m'miyezi imene fodya wagulitsidwa ku okushoni ku Mzuzu ndipo anthu ali ndi kangachepe m'thumba.

Ndipo mzere wa ola limodzi uja nafenso tili nawo, wathu ndiye wautali kuposa wa ku Florida. Timautcha kudikira mlendo wolemekezeka. Pulogalamu imati mwambo uyamba 9 koloko m'mawa. Amayi afika 7 koloko, ana kumsana, ena ayenda pansi kuchokera kutali. Mlendo wolemekezeka amatulukira 1 koloko masana. Maola onsewo anthu ali padzuwa, zokuzira mawu zikubwereza nyimbo zomwezomwezo, a MC akungoti anthu akhale pansi, ana achoke kutsogolo, galimoto zanyamuka kale ku Mzuzu. Zaka zina pa Bolero anyamata a zipani adasokoneza mwambo mpaka miyala kuuluka. Sindikunena kuti nthabwala zikadaletsa miyala, koma khamu lotopa ndi lopanda chochita silichedwa kupsa mtima. Maola amenewo ndiwo munda wa woseketsa woyenda m'khamu, ndipo timausiya wosalima chaka ndi chaka.

Mlendo akafika, timatulutsa chiyani? Vimbuza. Apa ndipempha mafumu andikhululukire, ndichedwepo pang'ono.

Vimbuza ndi chuma chathu, ndipo dziko lonse lidavomereza. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidazilengeza kuti ndi chimodzi mwa zaluso zapamwamba za mtundu wa anthu, pamodzi ndi Gule Wamkulu, ndipo mu 2008 zidalowa m'kaundula wake. Koma agogo amene ali muno akudziwa kuti vimbuza ndi matenda, ndiponso ndi mankhwala. Wodwala, kawirikawiri mayi, amakakhala ku temphiri kwa nchimi masabata kapena miyezi. Usiku amayi ndi ana amapanga bwalo, akuimba ndi kuomba m'manja, abambo ali pa ng'oma, mpaka mzimu umene wamugwira utavina. M'zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960 anthu ankachokera ku Tanganyika ndi ku Northern Rhodesia kudzafuna nchimi Chikanga m'boma lomwe lino, ndipo sankabwera kudzaonerera gule. Steven Friedson, amene adafufuza m'chigwa cha Henga, adalemba buku lonse mu 1996 lotchedwa Dancing Prophets pofotokoza momwe ng'oma imachizira.

Ndikudziwa kuti vimbuza zovinira chisangalalo zilipo, ndipo zidayamba kale. Pa misonkhano ya Kamuzu zinkavinidwa, ana asukulu amaphunzira masitepe ake, ndipo pali akatswiri amene amadya nazo. Sindikuti alekeretu. Koma tizivomereza kuti pabwalo timagawanika. Amishoni adaziletsa, Sinodi ya Livingstonia sigwirizana nazo mpaka pano, ndipo Akhristu ambiri amati ndi ziwanda. Wofufuza wina, Lisa Gilman, adalemba mu 2015 za kugawanika kumeneku: ena akuti chuma cha makolo, ena akuti za Satana. Ndiye tikaika vimbuza mphindi 10 pakati pa mawu a khansala ndi mawu a nduna, theka la anthu layang'ana pansi, nchimi weniweni akuona kuti ntchito yake yapeputsidwa, ndipo mlendo akujambula munthu wopaka ufa kumaso, mabelu m'miyendo, akuganiza kuti ndiye woseketsa wa kuno. Zili ngati kutulutsa bedi la m'chipatala n'kukaliika pakati pa bwalo la mpira kuti anthu aombere m'manja. Tikuzisenzetsa ntchito imene si yake chifukwa choti ndizo zili ndi satifiketi ya UNESCO.

Chonsecho tili ndi gule amene adabadwira kuonetsedwa. Ndikunena malipenga, amene a kunyanja, ku Mlowe, ku Chitimba mpaka ku Nkhata Bay, amawadziwa bwino kuposa ine. Adakula itatha nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, yomwe idafika pafupi pompa pamene Angerezi ndi Ajeremani adamenyana ku Karonga mu Seputembala 1914. Asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga adabwerera kumudzi ataona perete, bandi ndi maudindo a usilikali, ndipo adazisandutsa gule, monga adachitira a beni kugombe la kum'mawa kwa Africa, amene Terence Ranger adalemba mbiri yawo mu 1975. Taonani gulu likamalowa pabwalo. Makabudula oyera ositidwa mpaka mpeni, masokosi ofika m'mawondo, malaya oyera, tayi, nsapato zopukutidwa, ndodo m'manja. Malipenga ake ndi zipanda zoboola, pabowo atamatapo kachikopa kopyapyala ka chisa cha kangaude, kotero kuti munthu akaimbiramo mawu amatuluka akunjenjemera ngati a lipenga la mkuwa. Gululo limadzitcha boma. Lili ndi mfumu yake yotchedwa kingi, lili ndi akapitawo ake, lili ndi dokotala ndi namwino oyendera mzere kuona ngati asilikali ali aukhondo. Mwendo umanyamuka pang'onopang'ono, phewa litakwezedwa, nkhope ili duu ngati ya bwanamkubwa, amayi kumbali akuseka ndi kululutira.

Ophunzira amatsutsana ngati ovinawo ankanyoza mzungu kapena ankamusirira. Ine ndimaona zonse ziwiri m'sitepe imodzi, ndipo n'chifukwa chake guleyu amakoma. Christopher Kamlongera adalemba mu 1986 kuti malipenga ndi sewero lathunthu, ndipo adalondola. Komanso ndi gule woyenda. M'chilimwe, anthu atakolola, boma lina limayenda ulendo kukavina kwa boma linzake, eni mudzi n'kuwaphikira, chaka china nawo n'kudzabwezera. Dokotala wa malipenga uja, mutamuchotsa pamzere n'kumulola kuti ayende m'khamu akupima odikira mlendo wolemekezeka ndi kachipangizo kake kabodza, n'kumawalembera mankhwala a njala, mwapeza kale Citizens of Hollywood wa ku Rumphi, ndipo simudabwereke kanthu kwa Disney.

Ena ali pamsika. Wogulitsa mankhwala a makoswe amene amalira maliro a khoswe asanagulitse paketi ndi imodzi yomwe. Wa kaunjika amene wavala diresi pamwamba pa thalauza, ataima pamulu wa zovala, akuuza amayi kuti diresilo adavulira mkazi wa nduna. Oitanira minibasi amene amakupatsa dzina usanakwere. Anthu amenewa amadziwa kuimitsa miyendo kuposa ambiri amene adaphunzira zisudzo kusukulu, chifukwa akalephera sagona atadya.

Ngakhale malamulo a chipongwe tili nawo kale. Msuweni umamunena momwe ungathere, koma apongozi ayi. Kwathu kwa Achewa adzukulu amaseka pamaliro, amatsanzira mayendedwe a malemu, ndipo palibe amawaimba mlandu chifukwa ndi udindo wawo kupepuza mitima. Ku Zambia Angoni ndi Abemba ali ndi chimbuya, amapakana ufa pamaliro ndi kulipiritsana ndalama zothandizira ofedwa. Makolo adadziwa kuti chipongwe chimafuna chilolezo: uyu angaseke uyu, pa nthawi yakuti, mpaka apa. Lamulo la woseketsa wa ku Florida lija, losankha bwino munthu ndi kusamuchititsa manyazi, si lachilendo kwa mwana woleredwa pamudzi.

Kuti kuseketsa kungadyetse munthu m'Malawi, umboni ulipo. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga amene adatisiya mu 2016 ndi malemu Eric Mabedi amene adatisiya mu 2021, adazungulira dziko lino ndi Kwathu Drama Group, maholo akudzaza. Ophunzira a Travelling Theatre ya ku Chancellor College ankanyamula masewero kupita nawo m'masukulu ndi m'midzi. Winiko, a Bon Kalindo, adalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2014. Manganya wa m'sewero la Tikuferanji, a Michael Usi, adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024. Daliso Chaponda adakhala nambala 3 pa mpikisano wa Britain's Got Talent mu 2017.

Koma mwaona kuti onsewa adatchuka m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Apa ndipo ndikubweza ngongole ya chiyankhulo ija. Mu 1968 Chichewa chidalengezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo chidabwerera mu 1994. Kwa zaka 26 mwana wa ku Hewe kapena ku Mhuju wodziwa kuseketsa adalibe poyankhulira pamene dziko likadamumva m'chiyankhulo cha amayi ake. Ngakhale mipikisano ya zisudzo ya ATEM, yomwe yasula akatswiri ambiri m'masukulu a sekondale, ndi ya Chingerezi ndipo ndi ya pansanja. Nthabwala imafika pachiwindi ikanenedwa m'chiyankhulo chimene munthu amakalipira nacho mbuzi. Woseketsa wa m'boma lino ayenera kukhala ndi Chitumbuka cha agogo a ku Bolero, Chichewa cha amalonda ndi matenanti a m'minda ya fodya, ndiponso thupi, nkhope ndi manja zoti mzungu wa ku Chitimba amve popanda womasulira. Ntchito imeneyi woseketsa wobwera pa basi kuchokera ku Blantyre sangaigwire monga mungaigwirire inu.

Achinyamata, ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi chimene ndimachiona m'masewero ambiri. Nthabwala ikatha m'mutu timathamangira kutsanzira wolumala, wachibwibwi, wachialubino, kapena thupi la mayi. Anthu amaseka ndithu, koma ndi kuseka kotsika mtengo, ndipo m'dziko limene anthu achialubino akhala akuphedwa si nthabwala n'komwe. Chimodzimodzi kutsanzira kayankhulidwe ka tenanti wochokera ku Mulanje kapena ku Thyolo, munthu amene walima fodya chaka chonse akudya ngongole ya chimanga, ali m'khamu momwemo ndi ana ake. Malipenga adatenga sitepe ya ofesala, sadatenge ya wosauka. Sekani bwana wochedwa, sekani kalaliki wofuna kangachepe, sekani wophunzira amene wabwera kuchokera kutauni waiwala kudya nsima ndi manja, ndipo koposa zonse dzisekeni nokha. Kale zimenezi zidali zoopsa. Lamulo la 1968 loona za mabuku ndi zisangalalo lidachititsa kuti sewero lizipita kaye ku Censorship Board lisanaonetsedwe, ndipo nthabwala yolakwika ikadatha kukugoneka m'ndende. Lero choopsa chachikulu ndi envulopu. Woseketsa akavala nsalu ya chipani, theka la bwalo lake lachoka, ndipo silibwereranso chisankho chikatha.

Ndatsala ndi nkhani ya ndalama. Kufupa ndi mwambo wabwino, ndipo usathe. Munthu akakusangalatsa, tuluka ukamuponyere kangachepe. Koma kufupa si malipiro. Pa mwambo uliwonse mwini tenti amalipidwa, mwini mipando amalipidwa, wa zokuzira mawu amalipidwa ndipo amafuna yake asanatsitse sipika, mabwana amasaina alawansi. Ovina ndi azisudzo amapatsidwa mpunga wa m'bigili, n'kuuzidwa kuti za thiransipoti tiona mwambo ukatha, ndipo mwambo ukatha wogwira ndalama foni yake siikupezeka. Ndaonapo gulu la malipenga likubwerera kwawo pa lole ya chimanga, makabudula oyera aja atafiira ndi fumbi, sopo wake akagula okha. Kenaka tikakhala pamisonkhano ngati uno timadandaula kuti achinyamata sakonda chikhalidwe.

Inu eni malo ogona alendo ku Chitimba, ku Livingstonia ndi pa Boma pano, sankhani tsiku limodzi pa sabata, mugwirizane mtengo ndi gulu la pafupi nanu, muuze alendo anu kuti madzulo ano kuli anthu, ndipo wofuna kujambula aziyamba wapempha. Inu a kukhonsolo, apatseni achinyamatawa malo pamsika pa tsiku la msika, asamathamangitsidwe ngati oba. Inu a magulu, konzani sewero la mphindi 15 loti mungalichite pafumbi popanda maikolofoni, muliyese pamsika mpaka lipse, muzifika pa nthawi, zovala zochapa, ndipo mtengo wanu muulembe papepala kuti musamachite manyazi poutchula.

Ndipo inu a makomiti okonza miyambo ya chaka chamawa, mukamalemba bajeti, pansi pa mzere wa matenti ndi mipando lembanipo mzere wa oseketsa ndi ovina, ndalama yake ioneke m'manambala, ndipo theka muwapatse asanakwere galimoto.